ZA PA MSEU: Galimoto Yaikulu Imadya Caka Conse

Malonda a soya ndi fodya akatha, acikumbe ena a ku Chipata, Chadiza ndi Lundazi amakhumbira galimoto zazikulu zogwirapo kale nchito, monga Toyota Prado, Mitsubishi Pajero kapena Range Rover. Palibe angawadzudzule, pakuti miseu ya kumidzi m'dzinja imafunadi galimoto yaitali miyendo.

Koma mtengo wolembedwa ku Japan ndi ciyambi cabe. Galimotoyo imatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde, pomwe a ZRA amalandira msonkho. A RTSA ndi a inshuwalansi nawonso amayembekeza zao caka ndi caka.

Cimene cimasaukitsa munthu kweni-kweni ndi mafuta, makamaka kucokera mu December 2021 pamene Boma linacotsa thandizo lake pa mtengo wa mafutawo. Ulendo wa ku Lusaka ndi kubwerako umapitirira makilomita 1,100, ndipo thanki ya malita 87 ya Prado ya petulo siikwanira. Ndalama za mbeu zimabwera kamodzi pa caka, koma thanki imamva ludzu sabata iriyonse.

Asanasankhe, mlimi ayambe wafunsa makanika wa kwao. Toyota amaidziwa bwino, ndipo masipeya ake sabvuta kupeza. Pajero analeka kuipanga mu 2021. Range Rover ndiyo yokongola koposa, koma zambiri zimakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Thumba limodzi likabooka ca ku Mfuwe, galimoto imagwada pansi, mwini wake nadikira sipeya yocokera ku Lusaka kapena Johannesburg, uku ndalama ya fataleza ikutha.