Za Kutalika kwa Ulendo wa ku Joni

Tsiku la Mulungu lapitalo, titatuluka ku Misa, mayi wina wa ku Chilomoni anatiimitsa pakhomo pa tchalitchi, natifunsa ngati ku Joni nkutali kwenikweni. Mwamuna wache anamuka komweko zaka zinayi zapitazo, ndipo m'mauthenga ache onse anena kuti njira njaitali. Tinalonjeza kuyankha muno, pakuti funso lomweli lili m'nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kufikira ku Johannesburg pali makilomita ngati 1,350, poyesa molunjika monga iulukira mbalame. Ndege yosatera panjira itha ulendowu m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Mayi akateleka nyemba zouma pamene ndegeyo inyamuka, idzatera nyembazo zisanapse bwino.

Koma ndege ifuna ndalama zambiri, ndipo anthu athu ochuluka akwera basi pa Wenela. Njira yache ipita pa Mwanza ndi Zobue, ioloka Zambezi pa Tete, nilowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, nipyola Harare, kufikira ioloka Limpopo pa Beitbridge. Makilomita ache aposa 1,700, ndipo munthu agona m'basimo, nachedwanso pa zipata zitatu za malire. Masiku awiri atha kutheratu. Komabe azigogo athu ena anayenda ulendo womwewu ndi miyendo, masabata ambirimbiri, mtolo uli pamutu.

Dzina la Wenela litikumbutsa kampani ija yolemba amuna a ku migodi, imene pambuyo pache inkawanyamula pa ndege kudzera ku Francistown, m'dziko la Botswana. Pa 4 April 1974 ndege yache ina, yobwera ku Blantyre, inagwa itangonyamuka kumeneko. Anafa anthu 78, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ha! Amenewo anali atamanga kale akatundu, ali pa njira ya kumudzi.

Tsono mayi uja timuyankha mosabisa: ku Joni si kutali kotero kuti munthu nkutchona nako zaka zinayi. Chimene chiwagwira ambiri, monga timva kwa obwerako, ndicho chakuti masiku a chilolezo chawo anatha kale, ndipo aopa kuti akatuluka sadzaloledwa kulowanso. Ena achita manyazi kufika chimanjamanja. Sitiwaweruza, pakuti njala ndiyo inawachotsa pakhomo. Koma ana akukula osadziwa nkhope ya atate awo, ndi ukwati umene unadalitsidwa pa guwa ulikuzirala.

Chifukwa chache tipempha atsogoleri a miphakati alembe maina a onse ali kunja, ndi malo amene akhala ngati adziwika, nawapereke kwa Bambo Mfumu mwezi uno usanathe. Tidzawapempherera pa Misa, ndipo aliyense wa iwo tidzamlembera kalata.