Munavotera nyali, nanga bwalo la zisudzo mwalisiyiranji mumdima?

Amalawi anzanga, ine sindinavote nawo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 chifukwa ndinali ndisanabadwe. Koma malume anga, amene anathawira ku Lusaka nthawi ya chipani chimodzi, ndiwo anayamba kunditengera ku French Cultural Centre mu Blantyre ndili mwana. Tinkakwera minibasi pa Limbe Lamulungu masana kukaonera Izeki ndi Jakobo. Anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni ankaseka mpaka misozi, ndipo pobwerera mkangano wa m'minibasi unali wa zimene aona pabwalopo.

Malumewo ankandiuza kuti kale kuchita sewero kunali kuika moyo pachiswe. Lamulo la 1968 linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yowerenga sewero lililonse lisanaonetsedwe. Ngakhale zinali choncho, Du Chisiza Jr anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, chaka chomwe Jack Mapanje anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu. A Kwathu Drama Group ankadzaza mabwalo ndi masewero a m'Chichewa. Anthu amenewa ankadziwa kukulunga choonadi m'nthabwala ndi m'miyambi, oonera n'kumamva okha.

Nanga lero, matipate atabwera, zili bwanji? Afalansa atatseka malo awo aja mu 2011, boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre. Mbava zinalowa n'kusakaza katundu. Ntchito yokonzanso inatenga zaka ndi zaka, nduna zikusinthana, aliyense akulonjeza. Du anatisiya mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Kodi tawamangira chiyani choti ana athu azikaphunzirapo luso lawo?

Musandiuze kuti ndalama palibe. Pamsonkhano wa chipani malole onyamula amayi ovina sasowa mafuta, nsalu za nkhope ya mtsogoleri sizisowa. Kale mbumba inkavinira Ngwazi pa Kamuzu Stadium mokakamizidwa. Lero amayi athu akuvinira anthu ena, malipiro ake nsalu ndi kandalama ka sopo. Andale amakonda gule wowatamanda. Sewero lowafunsa mafunso saliletsanso ayi, amangolisiya life ndi njala. Imeneyo ndiyo censorship yatsopano, ndipo siifuna cholembera chofiira.

Nafenso a m'tauni tisadziyeretse. Timalipira ndalama zambiri pakhomo woimba wakunja akabwera, koma anyamata a m'dera lathu akakonza sewero timapempha kulowa ulere chifukwa timawadziwa. Ine ndaonapo mtsikana wina waluso atasiya zisudzo n'kuyamba kugulitsa kaunjika mu Limbe, chifukwa atachotsa ndalama ya holo ndi ya mayendedwe sanatsale ndi kanthu. Sindimudzudzula. M'mimba simudikira kuomba m'manja.

Inu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London, munkati mukufuna dziko loti munthu azilankhula osayang'ana kumbuyo. Bwalo la zisudzo ndi pamene anthu wamba amalankhulira choncho. Funsani phungu wanu ndi khansala wanu kuti m'bajeti muli zingati zokonzera maholo a m'matauni athu. Akakuyankhani mozungulira, musamuvinire. Ndipo Lamulungu likubwerali, ngati kwanuko kuli sewero, tengani ana, lipirani pakhomo, mukhale kutsogolo.