Chikalata cha Madandaulo ndi Zofuna Zathu pa Nkhani ya Ana Opulumuka ku Namondwe wa Freddy

Kwa: Olemekezeka a Nduna yoona za chisamaliro cha ana, a Nduna ya Maphunziro, a Nduna ya Zaumoyo ndi Mkulu wa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA

Kudzera kwa: Mabwanamkubwa a maboma a Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre

Kuchokera kwa: Makolo, agogo olera ana amasiye, aphunzitsi a pulayimale ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala

Olemekezeka,

Tabwera ndi nkhani ya ana athu. Anapulumuka mu Malichi 2023, koma ambiri mwa iwo mitima yawo sinakhale pansi mpaka lero.

Zimene zinachitika mukuzidziwa. Mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku angapo osalekeza. Phiri la Soche linagumuka n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka. Ku Nkhulambe ndi ku Muloza miyala ndi matope zinadutsa pakati pa midzi. Anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo chakummwera chagwa m'mavuto aakulu. Ufa, matenti, mabulangete ndi mankhwala othira m'madzi zinatifika m'misasa, ndipo pa zimenezi tikuthokoza. Koma chilipo chimene sichinawerengedwe m'kaundula wa zowonongeka, ndipo ndife amene timagona nacho m'nyumba.

Kukangochita mdima kumwamba, mwana wa Sitandade 3 amayamba kunjenjemera. Mvula ikaomba pa malata a kalasi, ena amalowa pansi pa desiki, ena amathawira kwawo osatsanzika kukaona ngati amayi awo alipo. Tili ndi ana a zaka zisanu ndi zitatu amene anasiya kalekale kukodza pogona koma anayambiranso. Alipo amene anali olongolola, lero umachita kuwakoka mawu. Ena amadzidzimuka pakati pa usiku akukuwa kuti madzi akubwera. Alezi a mkombaphala akuona ana akuumba tinyumba tadothi, kenako n'kutithira madzi mpaka titagwa, n'kuyambiranso, tsiku ndi tsiku. Anyamata okulirapo asanduka aukali. Atsikana ena anangolowa m'banja maphunziro ali pakati. Tiulule poyera: ambiri a ife poyamba tinkawakalipira, ena tinawakwapula, poganiza kuti ndi mwano kapena ulesi. Panalibe wotiuza kuti awa ndi mantha amene akhazikika m'thupi.

Azaumoyo amati mwana akakhala mwamantha nthawi yaitali, thupi lake limakhala tcheru ngati la munthu amene akuthamangitsidwa. Tulo sabwera bwino, chakudya sichilowa bwino, ndipo zimene aphunzitsi anena mmawa zimakhala zitathawa pofika masana. Ubongo umakula mwachangu kwambiri m'zaka zoyambirira, ndipo umakula ndi zimene mwana akuona, kumva ndi kusewera. Khanda limaphunzira kulankhula chifukwa mayi amalisekerera, amaliimbira, amaliyankha likamalira. Nanga mayi amene mwamuna wake ndi ana ake awiri anapita ndi madzi, amene amangokhala duu pakhonde, aimba nyimbo yanji? Ana amene anali kumsana nthawi imeneyo akukula m'manja mwa amayi osweka mtima, pamenenso chakudya chili chosowa, popeza chilala cha 2024 chinatipeza tisanadzuke. Boma lomwe limatiphunzitsa kuti mmera mpoyamba. Mmera wathu wakumana ndi madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, anamondwe a Ana ndi Gombe mu 2022, kolera, kenako Freddy. Mwana wobadwa mu 2014 anaona zonsezi asanakwanitse zaka khumi.

Chopweteka koposa ndi cha ana amene makolo awo sanapezeke. Panalibe maliro, palibe manda oti n'kuloza. Mwa chikhalidwe chathu mwana sitimuuza za imfa mwachindunji, timangoti amayi apita ulendo. Ndiye mwanayo amadikira. Galimoto ikaima pamsewu amathamangirako. Agogo amene akumulera nawonso akulira mwana wawo, ndipo sadziwa poyambira. Pakati pathu, ife a ku Phalombe, pali amene tinali ana pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991. Palibe anatifunsa zimene tinaona. Tinakula nazo choncho, ndipo mpaka pano kukagunda bingu usiku timadzuka n'kukhala tsonga. Sitikufuna ana athu adzafike msinkhu wathu akusenzabe katundu yemweyu.

N'chifukwa chake tikufuna izi.

Choyamba, ndipo ichi ndiye chachikulu, thandizo la uphungu lifike kumudzi. Mayi wa ku Nkhulambe sangapeze ndalama yoyendera kupita ndi mwana ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso ambiri mwa anawa safunika kugonekedwa. Akufunika munthu wodziwa kumvetsera, wolankhula chinenero chawo, wopezeka sabata ndi sabata. Alangizi a zaumoyo alipo kale m'midzi mwathu, amatidziwa khomo ndi khomo. Aphunzitsidwe kuzindikira mwana wovutika mumtima monga momwe amazindikirira wonyentchera, ndipo pa sikelo azifunsanso za mtima wa mayi, osati kulemera kwa mwana kokha. Pa chipatala chaching'ono chilichonse m'madera okhudzidwa pazibwera namwino wa matenda a maganizo pa tsiku lodziwika, kuti ana amene vuto lawo lakula azitumizidwa kwa iye.

Tikufunanso kuti pa sukulu ya pulayimale iliyonse pakhale aphunzitsi osachepera awiri, wamkazi ndi wamwamuna, ophunzitsidwa kuthandiza ana otere. Phunziroli lilowenso m'makoleji a aphunzitsi. Musaiwale kuti aphunzitsi ena anataya abale awo pa ngozi yomweyo, ndipo nawonso akufunika wowamvera.

Alezi a mkombaphala amagwira ntchito mongodzipereka. Apatsidwe kangachepe pamwezi, maphunziro, zoseweretsa ana ndi ufa wa phala, ndipo sukulu zimene zinagwa zimangidwenso pamalo okwera.

Sukulu zisakhalenso misasa kwa miyezi. Tinaona makalasi atadzaza ndi mabanja, ana akuphunzirira pansi pa mtengo kapena osaphunzira n'komwe. Mwana wozunguzika amachira msanga moyo wake ukabwerera mwakale: belu lilire nthawi yake, anzake awaone, mpira useweredwe. Boma limange malo othawirako apadera m'madera amene ngozi zimabwerezabwereza, ndipo msasa uliwonse ukamatsegulidwa pazikhala malo osewerera ana ndi wogwira ntchito yoteteza ana kuyambira tsiku loyamba.

Mabanja amene akukhalabe m'mphepete mwa phiri ndi m'njira ya madzi apatsidwe malo abwino mwachangu. Uphungu sungagwire mwana amene akugona pansi pa mwala womwewo umene unapha mnzake.

Potsiriza, ana amasiye a Freddy awerengedwe mudzi ndi mudzi, mabanja owalera alowe mu Mtukula Pakhomo, ndipo ndalama za ntchito zonsezi zilembedwe poonekera mu bajeti ya boma ndi ya makhonsolo, zisamangodikira mabungwe amene amabwera miyezi itatu n'kupita. Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 zikupereka udindowu m'manja mwanu.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30 chilandirireni chikalatachi, lonena zimene zichitike, m'boma liti, ndi mwezi uti. Ngati mukukayika zimene talembazi, bwerani mudzakhale nafe m'kalasi imodzi tsiku limene mvula yoyamba idzagwe, mudzadzionere nokha.

Ndife,
Makolo, agogo, aphunzitsi ndi alezi amene maina ndi zidindo za zala zathu zili pa mapepala otsatirawa.