Bitcoin Siigula Ufa pa Chisokone

Kuno ku Garneton, monga m'Kitwe monse, ndalama za pa foni tinazizolowera kale. Lendi, malaiti ndi fizi ya ana timalipira pa Airtel Money kapena MTN. Tsopano acinyamata atibweretsera Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene inayamba mu 2009, yopanda banki kapena boma loiyang'anira.

Ubwino wa ndalama zotere ulipo. Mwana wogwira nchito ku Johannesburg angathe kutumiza USDT, imene mtengo wake umatsatira dola ya America, makolo n'kuisintha kukhala kwacha pa foni. Mu 2025 ku Zengamina, m'boma la Ikelenge, makina okumba Bitcoin anali kugula magetsi otsala, opanga magetsiwo n'kumapeza ndalama zoyendetsera nchito.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bitcoin imodzi inafika pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021. Patangopita caka inagwa mpaka pansi pa 17,000. Wopuma nchito ku mgodi akanaikamo penshoni yake, akanataya magawo atatu mwa anai. Mu 2018 Bank of Zambia inacenjeza kuti ndalamazi lamulo silizidziwa ngati kwacha, ndipo wotayapo alibe kodandaula. Amai ogulitsa pa Chisokone nawonso amafuna kwacha basi.

Conco tizigwiritse nchito ngati minibasi: kukwera, kufika, kutsika. Zikafika pa foni, zisintheni msanga. Wina akakulonjezani kuti ndalama zanu zibereka kawiri pa mwezi, mufunseni laisensi yake. Akayamba kukanda m'mutu, gwirani thumba lanu.