KODI BODZA LILI NDI MALO AKE?

Akuluakulu amati bodza lilibe mwendo. Koma amene anaona nkhondo ya Frelimo ndi Renamo m'midzi yozungulira Lichinga akudziwa kuti nthawi zina bodza linkapulumutsa moyo.

Nkhondoyi isanathe mu 1992, a Matsanga ankafika m'mudzi n'kugwira anyamata kuti akawasenzere katundu kapena akagwire mfuti. Mayi akafunsidwa komwe kuli mwana wake, ankayankha kuti anathawira ku Malawi, chonsecho mwanayo wabisala m'nkhokwe. Ndani angamuweruze mayi wotereyu? Munthu wodzalanda mwana sayenera kuuzidwa zoona.

Koma ena asabisale m'chitenje cha mayiyu. Venda wogula chimanga pamsewu wa ku Mandimba, yemwe wasokoneza sikelo, nayenso amati akudyetsa ana ake. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi uja ananamiza wamfuti pofuna kuteteza mwana, pomwe uyu akunamiza mlimi wosauka kuti alemere ndi thukuta lake.

Choncho musananame, dzifunseni: bodzali likadzaululika pabwalo la amfumu, mudzaimirira popanda manyazi? Mayi uja angathe kuimirira. Wasikelo uja adzazolika nkhope.