Chipinda ndapeza, nanga njinga igona kuti?

Munali mu June, dzuwa litangolowa, pomwe ndidaimika njinga yanga pakhomo pa resitihausi ina pa kamsika kena m'boma la Ntchisi. Dzina la malowo ndisatchule, mwina pano adasintha. Ndidali nditanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, n'kuima pang'ono pa Mponela, kenako tsiku lonse kuzungulira m'midzi kutolera ndalama za nyale za sola zomwe ndimagulitsa pangongole. Zala zidali zitauma ndi chisanu, msana ukuwawa, fumbi mpaka m'makutu.

"Chipinda chilipo, achimwene?"

"Chilipo, bwana. Mukufuna cha bafa m'kati kapena wamba?"

"Wamba. Nanga njinga igona kuti?"

Mnyamatayo adandiyang'ana ngati ndafunsa komwe nsapato zanga zigone. "Panja pompo. Alonda alipo."

Alondawo adalipodi, madala ena okoma mtima ofunda bulangete kumutu. Chomwe sadandiuze n'choti madala omwewo amalonderanso chigayo ndi magolosale atatu kutsidya kwa msewu. Usiku wonse ndidangogona khutu limodzi lili kuwindo. Galu akauwa, ndadzuka. Wina akatsokomola, ndadzuka. Tulo tidandiba cha m'ma 3 koloko, ndipo kutacha ndidapeza galasi limodzi kulibe, kapaipi ka mafuta kali lendee, thanki yatsala pansi penipeni. Nditadandaula, adangondilozera pakhoma pomwe adalemba kuti katundu akasowa, eni malo alibe mlandu.

Chipindacho chidali chotchipa, sindikana. Koma nditawerengera petulo yemwe ndidakagula kwa mavenda a zigubu kuti ndikafike pa filing'i siteshoni, kuphatikiza galasi, ndidapeza kuti ndalipira ngati ndagona pa loji ya mabwana.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa: kwa munthu woyenda pa njinga yamoto, mtengo wa chipinda suyezedwa ndi bedi ayi, umayezedwa ndi pomwe njinga yagona. Ndipo eni malo ogona a ku Dowa ndi ku Ntchisi akugona pa ndalama posazindikira zimenezi.

Taonani amene akuyenda m'misewu ya kumeneko masiku ano. Minibasi imakutulani pa Mponela, pa Madisi, pa Dowa boma, pa Ntchisi boma kapena pa Malomo. Kuchoka apo kulowa m'mapiri, mfumu ndi njinga yamoto. Alangizi a zaulimi, a zaumoyo, aphunzitsi opita kukatenga malipiro, abusa, anyamata ogula soya ndi mtedza, ogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda, wachinyamata wothamangira maliro kumudzi, ndi akabaza omwe apeza hayala ya kutali n'kuwadera komweko. Tonsefe, tsiku lina, mdima umatipeza kutali ndi kwathu. Tilibe ndalama zambiri, koma tilipo ambiri, ndipo timabwerabwera.

Ndiye pali chinthu chimodzi chomwe munthu wagalimoto sangachimve msanga. Galimoto umakiya, n'kukagona. Njinga, anthu awiri amphamvu akhoza kuinyamula ndi loko wake yemwe n'kuiponya mu lole, kapena kuikankha mwakachetechete mpaka kuseri kwa tchalitchi. Kwa ambirife, Lifo kapena King Lion yomwe takwerayo ndiye chuma chonse. Ena ndi ya ngongole ya banki m'khonde, ena ndi ya bwana yemwe amadikira ndalama yake madzulo alionse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula ina si nkhani yoyamba n'kuiganiza komwe. Ndiye wina akamati "ingoisiyani panja", akukuuza kuti usiye munda wako, ofesi yako ndi sukulu fizi ya mwana wako pakhonde mpaka kuche.

Wina anena kuti malo abwino alipo, pitani pa Mponela. Zoona, pa Mponela maloji ndi mbwee, a mipanda, mageti ndi alonda a yunifolomu. Koma tinene zoona, malo amenewo sadamangire ife. Adamangira misonkhano. Aliyense akudziwa kuti maofesi a ku Lilongwe amakonda kukachitira maphunziro awo pa Mponela, ndipo mitengo ya zipinda imatsatira thumba la munthu wolandira alawansi. Iwe wobwera ndi jekete la fumbi, helemeti m'manja, pageti pomwe amayamba akufunsa kuti wabweretsa katundu wa ndani. Kumtunda kuja, m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, kuli Ntchisi Forest Lodge, m'nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda. Malo okongola zedi, mukafika pokwera mumaona mpaka kunyanja kukakhala kowala. Koma amenewo ndi malo a munthu wodzapuma, osati wa ine wotolera ngongole za nyale. Pakati pa loji ya misonkhano ndi resitihausi ya kuseri kwa bala pali dzenje lalikulu, ndipo ife a njinga timagwera m'menemo.

Komatu chomwe tikupempha si chodula. Ndidachiona ndi maso anga kwa mayi ena omwe ali ndi zipinda zisanu ndi chimodzi kufupi ndi Dowa boma. Ndidafika mvula ikugwa, nditavutika ndi matope kuchokera mbali ya Ntchisi. Amene adayendapo msewu wa Dzaleka–Ntchisi–Malomo, womwe andale akhala akuulonjeza phula kwa zaka, akudziwa zomwe dothi lofiira lija limachita likanyowa: tayala limadzaza matope mpaka kuleka kuzungulira, umachita kuima n'kumatokosa ndi kamtengo. Ndisanafunse n'komwe, mayiwo adaitana mwana.

"Iwe, tenga thabwa lija. Bambo, tsekani mafuta, mudikire injini izizire kaye, kenako mulowetse."

Thabwalo adaliyala pa masitepe awiri a pakhonde, ndipo njinga idalowa m'kachipinda kosungira chimanga. Pansi adayala katoni kuti oyilo asadetse simenti. Adalemba nambala ya njinga m'buku la alendo pafupi ndi dzina langa, n'kutseka ndi loko, kiyi n'kumangirira pachitenje. Adandipatsa ndowa ya madzi otentha ndi chingwe choyanikapo jekete. Ndalama yoonjezera ya njinga idali yochepa kuposa mtengo wa mbale ya tchipisi. Usiku umenewo ndidagona ngati mwana.

Thabwa, katoni, loko, buku. Basi. Palibe ngongole ya kubanki yomwe ikufunika apa.

Eni malo ena omwe ndacheza nawo ali ndi zifukwa zawo, ndipo sizopusa. Choyamba ndi moto. Petulo m'nyumba momwe anthu akugona, magetsi atathima wina wayatsa kandulo, wina akusuta, ndi ngozi yeniyeni. Pachifukwa ichi, ine sindigwirizana ndi anzanga omwe amakakamira kuti njinga igone pambali pa bedi. Fungo lokhalo limakupweteketsa mutu, ndipo mlendo wa mawa sakuyenera kupeza shiti yonunkha mafuta. Yankho ndi kachipinda kapadera kolowa mphepo, kapena kashedi ka malata mkati mwa mpanda, kokhala ndi chitsulo chomangidwa mu simenti choti munthu akolekepo tcheni.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri. Bambo wina adandiuza kuti amaopa kusunga njinga yobedwa osadziwa, apolisi n'kudzamutenga iye ngati wosunga katundu wa akuba. Apa ndiye chala chikuloza ife. Njinga zambiri m'misewu yathu zilibe nambala, zilibe pepala lililonse. Ukufuna munthu akusungire chinthu chomwe iwe mwini sungathe kuonetsa kuti n'chako? Ndikudziwa kuti kulembetsa njinga n'kodula komanso kotopetsa, ndidadutsamo, koma ngati mapepala muli nawo, ajambuleni akhale mufoni. Ngati mudagula kwa munthu, kalata yogulitsirana ija muisunge. Mwini malo akalemba nambala ya njinga ndi ya chiphaso chanu cha unzika, onse awiri mwatetezeka.

Tili pomwepo, tidzudzulane pa khalidwe lina. Ambirife timayenda usiku pofuna kupulumutsa ndalama ya chipinda. Ndidachitapo, ndipo ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nyengo yozizira nkhungu imatsika mwadzidzidzi, nyale ya njinga n'kungowala ngati muuni wa foni. Makona ndi akuthwa, zitsetso n'zazitali, ngolo za ng'ombe zilibe chowala kumbuyo. Ukatulukira pa M1, malole amakuthira magetsi m'maso n'kukukankhira kumphepete. Ndipo nkhani za akabaza ovulazidwa kapena kuphedwa usiku chifukwa cha njinga tonse timaziwerenga pa Facebook, sizachilendo. Ndalama ya chipinda imapweteka potulutsa, inde, koma ndi yochepa kuposa ya galimoto yokutengera kuchipatala.

Nanga malo abwinowo munthu angawapeze bwanji? Apa foni imatinamiza pang'ono. Mukatsegula Google Maps pa Mponela muona maloji ambirimbiri, koma mukalowa mkati, kumatuwa. Malo ngati a mayi aja mulibemo, ndipo ena omwe alimo nambala yake idasiya kugwira kalekale. Mapu enieni ali pa siteji ya kabaza. Imani, vulani helemeti, perekani moni, mufunse kuti, "Amwene, mlendo wa njinga amagona pati kuno?" Akuuzani pomwe pali mpanda, pomwe pali nsikidzi, pomwe mlonda amaledzera. Makaniko wokonza njinga naye amadziwa zambiri, chifukwa onse oberedwa magalasi ndi mabatire amakathera kwa iye. Safunsa adadya phula.

Mukapeza nambala ya malo, imbani mukadali kutali, ndipo musapemphe chithunzi cha bedi pa WhatsApp. Bedi aliyense amayala bwino pojambula. Pemphani chithunzi cha pomwe njinga igone. Akayamba kuzungulirazungulira, mwadziwa kale yankho. Fikani kukadali kowala kuti muone geti ndi maso anu, komanso ngati sizikukomerani mukhale ndi nthawi yopita kwina. Munthu wofika 9 koloko usiku sasankha, amangolandira. Samalaninso ndi tsiku la msika ndi nyengo yogulitsa fodya, pomwe ndalama zimayenda kwambiri ku Dowa: zipinda zimadzaza msanga, ndipo resitihausi yogundizana ndi bala usiku umenewo si malo ogona, anthu amangolowa ndi kutuluka mpaka mbandakucha. Polipira, ngati alola Mpamba kapena Airtel Money, lipirani choncho. Kutulutsa mpukutu wa ndalama pa kauntala anthu akuona n'kudziitanira alendo usiku.

Za soketi yotchajira foni musaiwale kufunsa, poti kwa ife foni ndiye ofesi. Koma izi n'zazing'ono.

Chomwe chimandipweteka mtima n'choti maboma awiriwa ali ndi zambiri zoti achinyamata akadamakaona pa njinga kumapeto kwa sabata. Nkhalango ya Ntchisi ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zachilengedwe zomwe zatsala m'chigawo chapakati, mitengo yake italiitali, mkati mozizira ngakhale masana. Ku Mvera kuli mishoni yomwe idayamba mu 1889. Msewu wochoka ku Lumbadzi kudzera ku Dzaleka ndi Dowa boma kukatulukira pa Chezi, pa msewu wa ku Salima, uli ndi malo omwe umaima n'kungoti kakasi kuyang'ana zigwa. Anzanga a ku Area 25 ndi kwa Chinsapo ali ndi njinga, ali ndi mafoni ojambula bwino, koma ukawauza za ulendo funso limakhala lomwelo: tikagona kuti, nanga njinga?

Chitsanzo chili pakhomo pomwepo. Ku Dzaleka, kampu ya othawa kwawo yomwe idatsegulidwa mu 1994, kumachitika Tumaini Festival chiyambire 2014, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a pakampupo n'kulipira kangachepe. Ngati anthu okhala mothithikana chotero adatha kukonza dongosolo lolandira alendo, chingalepheretse n'chiyani mabanja a mipanda yawo pa Madisi, pa Malomo kapena pa Mvera? Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi nawo, popereka ziphaso za bizinesi kwa eni maresitihausi, akhoza kungoonjezera funso limodzi: kodi muli ndi malo otsekeka osungira njinga? Omwe ali nawo alembedwe, mndandanda upachikidwe pa siteji ndi pa tsamba la Facebook la khonsolo. Sizifuna msonkhano wa pa Mponela kuti zitheke.

Pomwe tikudikira zimenezo, ine nambala ya mayi aja ndidaipereka kwa anzanga a ntchito, iwonso adapatsa anzawo. Mwezi watha ndidafikanso, dzuwa lili pafupi kulowa, n'kupeza m'kachipinda muja muli kale njinga zinayi. Ndidayamba kuda nkhawa kuti yanga igona panja. Mayiwo adangoseka n'kuuza mwana uja kuti atulutse matumba a chimanga akawaike kukhitchini. Akuti mvula ikatha akufuna kumanga shedi, ndipo adandifunsa kuti njinga khumi zimafuna malata angati.