Tisanatukwane dalaivala, tione kaye mmene tapakirira katundu wa pa balaza



Ikangofika Okutobala, m'mayadi a mathiraki kuno ku Wadeville mumasintha. Pakati pa zigubu za mafuta ophikira, makatoni a sopo ndi matailosi amene ife a geni timakweza chaka chonse, mumayamba kuoneka masofa, ma TV, ma display a magalasi ndi makapeti okulungidwa. Ameneyo ndi katundu wa anzathu amene akwana nayo Joni, akusamuka. Pakangotha milungu iwiri kapena itatu, m'gulu muno mumagwa maliro. Wina waponya chithunzi cha sikirini yong'aluka, pansi pake walemba kuti "dalaivala uyu musadzamupatse katundu, ndi mfiti."

Ife msewu umenewu tauyenda zaka zambiri, ndipo lero tinena zimene ena sakonda kumva. Madalaivala osasamala alipo, sitikukana. Koma katundu wambiri amene amafika kumudzi ali zidutswazidutswa amakhala kuti anaonongeka kale tsiku lopakira, m'chipinda mwathu momwemo ku Katlehong kapena ku Primrose. Msewu umangomalizitsa.

Chaka china tinakwezera thiraki imodzi ndi mayi wina wa kwathu amene anagwira ntchito ya m'nyumba kuno zaka 9. Anafika pa yadi ndi bakkie yodzaza. TV yaikulu anangoikulunga ndi bulangete limodzi n'kuimanga ndi chingwe. Display inabwera yathunthu, magalasi ali momwemo, mbale za alendo zili m'kati. Dalaivala anayang'ana n'kunena kuti, "Mayi, izi sizifika." Iwo anayankha kuti, "Mulungu alipo, kwezani." Tsiku lotsitsa ku Blantyre tinali pomwepo. Achibale anali atabwera kudzathandiza kunyamula. Atangovundukula tenti, zimene zinatuluka mu display muja zinkalira ngati miyala m'chitini. Mayi aja anakhala pansi pa fumbi, akungobwereza mawu amodzi: "Ndikawaonetsa chiyani ana?"

Funso limenelo ndi limene latilembetsa izi. Pa balaza ndi pamene mlendo amafikira. Ndi pamene achibale amayang'ana kuti adziwe ngati munthu ku Joni anapita kukagwira ntchito kapena kukangotchona. Sofa ija ndi miyezi yodya mkate ndi tiyi wopanda mkaka. Katundu wotere sitingamamupake mothamanga usiku umodzi ngati tikuthawa lendi.

Tikumbutsane kaye za msewu, chifukwa ambiri amapakira ngati akuchoka ku Germiston kupita ku Boksburg. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,600, maiko 4, maboda 3. Thiraki imagwira N1, kudutsa Pretoria, Polokwane, Musina, n'kukaima pa mzere pa Beitbridge. Ikawoloka Limpopo imadutsa Masvingo ndi Harare mpaka Nyamapanda. Kenako Cuchamano, Changara, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende ku Tete, Moatize, kukwera mapiri a ku Zobue n'kulowa pa Mwanza. Za ku Lilongwe zambiri zimakhotera ku Calomue n'kutulukira pa Dedza. Pa ulendo wonsewu pali mahampu, maenje ndi mabuleki adzidzidzi chifukwa cha ng'ombe ndi mbuzi. Ku Tete miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40, ndiye ganizirani pansi pa tenti. Kuyambira Novembala mvula nayo imayamba. Pa boda iliyonse ofesala ali ndi mphamvu yolamula kuti katundu atsitsidwe aone, ndipo anyamata otsitsawo sadziwa kuti katoni yanu muli chiyani. Mukafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe ulendo sunathe, pali lole ina yopita ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Katundu wanu adzagwiridwa ndi manja ambiri osakudziwani. Mupakireni anthu amenewo.

Choyamba, si chilichonse cha pa balaza choyenera kukwera thiraki. Ma wall unit ndi ma TV stand ambiri amene timagula motchipa ndi a utuchi wopanikiza, pamwamba anangomata pepala lowala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Akangonyowa amafufuma, masikuluwu n'kusolokera okha. Werengerani ndalama ya mayendedwe, muyerekeze ndi mtengo umene kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angakukhomereni chinthu chomwecho ndi matabwa enieni. Nthawi zambiri mupeza kuti n'kwanzeru kugulitsa konkuno, ndalama n'kuika m'thumba. Ndalama sisweka pa hampu.

TV ndiyo imaliritsa anthu kwambiri. Lamulo lake ndi limodzi: iyende choimirira, mmene imakhalira pakhoma. Sikirini za masiku ano ndi galasi lopyapyala kwambiri. Mukaigoneka, pakati pake pamakhala popanda chochirikiza, ndiye thiraki ikamadumpha galasi limapindika pang'onopang'ono mpaka kung'aluka m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Katoni yake yeniyeni ndi zoyera zija za m'makona ndiye chitetezo choposa zonse, choncho amene mukugula TV lero musataye katoni. Ngati munataya kale, chotsani miyendo, phimbani sikirini ndi nsalu yofewa, ikani katoni yophwatalala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako bubble wrap, kenako katoni ina yokuta yonse. Amene angathe, akhometse kabokosi ka matabwa. Kuno ku Wadeville ndi kwa mafakitale, makatoni olimba ndi mapaleti otha ntchito sasowa, ingofunsani mwaulemu pa geti. Musanaitseke, iyatseni n'kuijambula kavidiyo ikugwira ntchito, mujambulenso nambala yake ya kumbuyo.

Magalasi a display, a tebulo la pakati ndi kalilole, onse atulutsidwe. Lililonse likulungidwe palokha, makona atetezedwe ndi katoni yopinda, ndipo nawonso ayende choimirira, atapanikizidwa pakati pa zinthu zofewa monga matiresi. Galasi logonekedwa chinthu chili pamwamba pake ndi lakufa kale. Mbale ndi matambula zikulungidwe chimodzichimodzi ndi nyuzipepala, mbale ziimikidwe cham'mbali osati kusanjikiza. Pansi pa katoni yalani zovala zakale, ndipo mipata yonse itsekedwe. Mukamaliza, inyamuleni katoniyo muigwedeze. Mukamva kulira m'kati, tsegulani muyambirenso.

Masofa amaoneka olimba koma amafika atanyuka m'makona, miyendo itathyoka. Masulani miyendo. Kulungani sofa ndi mabulangete kaye, pulasitiki ibwere pamwamba. Ambiri amalakwitsa apa, amakulunga pulasitiki pa sofa penipeni. Kutentha kwa ku Tete kuja pulasitiki imachita thukuta m'kati, sofa ya nsalu imafika itachita chuku, ya chikopa chonamizira imafika ikusupuka. Musatsuke sofa kapena kapeti dzulo lake la ulendo, ziume kaye masiku angapo. Kapeti ikulungidwe ngati mphasa, osaipinda. Ndipo tisachite manyazi kunena izi: m'zipinda zambiri za lendi muli nsikidzi ndi mphemvu. Poperani mankhwala sabata imodzi musanapake. Musakapatse amayi anu mphatso ya nsikidzi za ku Joni.

Chilichonse chomasuka, masulani. Chijambuleni chisanamasulidwe kuti kumudzi mukakumbukire mmene chinalili. Masikuluwu aikidwe m'kapepala ka pulasitiki n'kumatidwa ndi selotepi pa thabwa lake lomwelo. Masipika ndi decoder, jambulani kumbuyo mawaya asanazulidwe. Chotsani mabatire m'marimoti ndi mu wotchi ya pakhoma, chifukwa akatenthedwa amatha kutsanula n'kuononga. Hita ya parafini ikhuthulidwe iume. Kumbukiraninso kuti mapulagi a kuno ndi a mano ozungulira pamene masoketi a kwathu ndi a mano a makona, ndiye gulirani ma adaptor konkuno, musamakalowetse mawaya ndi timitengo ta machesi.

Zolemera zilowe m'makatoni aang'ono, zopepuka m'makatoni aakulu. Katoni imene amuna awiri akulephera kuinyamula bwino imaponyedwa, palibe amene amaitsitsa mwaulemu. Ma China bag ndi a makatani, mapilo ndi zovala basi, chosweka chisalowemo. Lembani dzina, nambala ya foni ya ku Malawi ndi kumene katundu akutsikira, m'mbali ziwiri za katoni, chifukwa pamwamba pamakwiririka ndi katoni inzake. Ikani manambala: 1 pa 14, 2 pa 14, mpaka kumapeto. Jambulani muvi wolozera kumwamba. Pasipoti, masatifiketi a ana, zithunzi za ukwati, laptop ndi malisiti, izi zisakwere thiraki. Ziyende nanu pa basi, pamiyendo panu.

Tsopano nkhani imene imatipweteka ife a geni. Lembani mndandanda woona wa zimene zili m'katoni iliyonse, mapepala awiri, lina lanu lina la dalaivala. MRA ili ndi dongosolo lake la a Malawi obwerera kwawo ndi katundu wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito, losiyana ndi la katundu wa malonda. Lankhulani ndi ejenti wa pa boda musanapake, akuuzeni mapepala ofunika. Safunsa anadya phula. Koma chonde, lekani kung'amba sofa kunsi n'kubisamo mafoni atsopano, mankhwala kapena mowa. Pa Beitbridge pali makina ounika katundu. Akapeza chimodzi chobisika, thiraki yonse imaima, katundu wa anthu onse amatsitsidwa pa dzuwa kapena pa mvula, ndipo amene amayankha mlandu ndi dalaivala, inu muli phee ku Joni foni mutathimitsa. Ife amene tinaoda katundu wa Khirisimasi timafika msika utatha chifukwa cha dyera la munthu mmodzi.

Mabwana madalaivala, musaganize kuti takusiyani. Inu ndi amene mumaudziwa msewu kuposa tonsefe. Mukaona katundu wopakidwa mosasamala, kulandira ndalama n'kukhala chete ndi kulakwa. Nenani poyera, ndipo mwini wake akakakamira, mulembetseni pa pepala kapena pa WhatsApp kuti mwamuchenjeza. Kukana lero kuli bwino kusiyana ndi kutukwanidwa m'gulu muno mwezi wamawa. Posanja, zolemera zikhale pansi. Zigubu za mafuta, penti ndi mankhwala ochapira zikhale kutali ndi masofa ndi matiresi, chifukwa chigubu chimodzi chikaphulika fungo lake silichoka. Malamba asadutse pa TV kapena pa galasi, ndipo pa makona a mipando ikanipo katoni musanakoke. Onani tenti yanu mvula isanayambe, kabowo kang'ono pa Musina ndi dziwe pa Mwanza. Anyamata anu asamayende pamwamba pa katundu ngati ali pa chulu. Ndipo mukasinthitsa katundu m'njira kupita pa thiraki ina, muuzeni mwini wake tsiku lomwelo.

Ena anena kuti, "Ife talipira, ntchito yosamala ndi ya transporter." N'zoona kuti mwalipira. Koma funsani bwino kuti ndalama mwaperekayo ikuphimba chiyani. Makampani osamutsa anthu amene amabwera kudzapaka okha n'kupereka inshuwalansi alipo, ndipo mtengo wawo ndi wina. Ambirife timalipira malo a pa thiraki basi, limodzi ndi katundu wa anthu ena makumi angapo. Ngati simunagwirizane polemba kuti chikasweka alipira ndani, pa Wenela mudzangotsala ndi mkwiyo. Gwirizanani katundu asanakwere, mukhalepo pokweza, muwerenge makatoni pamodzi ndi dalaivala, mujambule nambala ya thiraki. Wolandira kumudzi akhale ndi mndandanda womwewo, atsegule TV ndi magalasi dalaivala asanachoke.

Ena anena kuti bubble wrap ndi selotepi n'zodula. Ikani mtengo wake pambali pa mtengo wa TV, muone nokha chodula. Zambiri muli nazo kale m'nyumba: mabulangete, mataulo, majuzi a nyengo yozizira, nyuzipepala. Chimene chimasowa kwenikweni ndi nthawi. Yambani milungu iwiri ulendo usanafike, katoni ziwiri madzulo alionse mukaweruka. Itanani mnzanu amene anasamutsapo katundu adzaone. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi aja tinakumananso nawo patapita chaka, pa yadi pomwepa. Anali atabwereranso ku Joni kudzagwira ntchito kuti agule zimene zinasweka. Ulendo uno TV inali m'bokosi la matabwa, makatoni onse ali ndi manambala, ndipo anaima pa dzuwa mpaka lamba womaliza atakokedwa. Chaka chathunthu kutali ndi ana, chifukwa cha makatoni ndi selotepi.

Amene mukusamuka Disembala uno, yambani lero kutolera makatoni. Madalaivala, lembani m'munsimu zimene taiwala, inu mwaona zambiri kuposa ife. Muyende bwino, mukapereke moni kumudzi.